Galimoto Ndi Yanu, Nanga Nambala Ndi Ya Yani?

Nkhani yathu lero ikuchokera kutali, kutsidya kwa nyanja, ndipo poyamba imveka ngati yaing'ono zedi. Ndi nkhani ya kachitini ka penti, kaburashi, ndi kachitsulo kaja kamene kamamangidwa pa galimoto iliyonse, kamene ambiri timangokatchula kuti nambala puleti. M'nkhani ino ndizikatchula kuti chikwangwani cha nambala. Funso lake ndi ili: ngati chikwangwani cha nambala chafwifwa, kodi mwini galimoto ali ndi ufulu wochipenta yekha? Ambiri a ife tingayankhe msanga kuti inde, pakuti galimotoyo ndi yake. Koma tiyeni tiifatsire nkhaniyi.

M'maiko ngati America ndi Britain muli anthu ambiri amene amasunga magalimoto akale, osati chifukwa chosowa ndalama zogulira atsopano, koma chifukwa chowakonda basi. Munthu amagula galimoto imene yakhala zaka 30 kuseri kwa nkhokwe, matayala ataphwa, makoswe atamanga zisa m'mipando, dzimbiri litadya kunsi konse. Amaikokera kwao, naiphwasula yonse mpaka kabawuti kotsiriza. Tsiku lililonse akaweruka ku ntchito amalowa m'galaja. Amapala dzimbiri, amawotcherera zitsulo, amasoketsa mipando, amafunsa kutali ndi pafupi kufunafuna kagalasi ka nyali kofanana ndi kamene kanasweka. Ntchito yotere imatha zaka zingapo, ndipo imadya ndalama zimene kawirikawiri sizibwerera. Tsiku lomaliza galimotoyo imatuluka ikunyezimira ngati yangochoka kumene ku fakitale.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, tiyeni tipite malo amodzi enieni. Dziko la America linagawidwa m'zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi boma lakelake, malamulo akeake a pamsewu, ndi zikwangwani zakezake za nambala. Chimodzi mwa zigawozi ndi Wisconsin, cha kumpoto, m'mbali mwa nyanja ya Michigan, dera lotchuka ndi ng'ombe za mkaka. Kumeneko kumazizira koopsa. M'miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale chipale chimakuta misewu, ndipo a boma amawaza mchere kuti chisungunuke. Mcherewo ndiye mdani wamkulu wa galimoto, chifukwa umafulumizitsa dzimbiri. Komabe anthu a kumeneko amakonda magalimoto akale kwabasi. Mu mzinda wao wa Kenosha munkapangidwa magalimoto a Nash ndi Rambler, ndipo ntchito yolumikiza magalimoto inatha kumeneko mu 1988. M'kamudzi kotchedwa Iola mwakhala mukuchitika chionetsero cha magalimoto akale kuyambira mu 1972, ndipo mwezi wa Julayi ukafika kumasonkhana magalimoto zikwizikwi.

Boma la Wisconsin linawaganizira anthu otere, nawakonzera zikwangwani zapadera za mitundu iwiri. Mtundu woyamba umalembedwa mau akuti Collector. Umenewu ndi wa galimoto imene yakwanitsa zaka 20 kapena kupitirira, ndipo yasungidwa monga momwe anaipangira eni fakitale, popanda kuisintha. Kwa zaka zambiri chikwangwani chimenechi chakhala cha buluu, zilembo zake zofiira. Mtundu wachiwiri umalembedwa mau akuti Hobbyist, ndipo ndi wa galimoto yakale imene mwini wake waisintha kapangidwe, kapena imene munthu walumikiza yekha ndi manja ake. Chimenechi ndi chobiriwira, zilembo zake zachikasu. Munthu akalembetsa galimoto yake yoyamba amapatsidwa nambala imene imakhala yake moyo wake wonse. Akapeza galimoto yachiwiri kapena yachitatu, nambala imakhala yomweyo, amangoonjezerapo chilembo kumapeto.

Ubwino wa zikwangwani zimenezi ndi wakuti mwini galimoto amalipira kamodzi kokha, ndipo kalembera wake satha ntchito malinga ngati galimotoyo ikadali m'manja mwake. Koma walira mvula walira matope. Ayenera kukhala ndi galimoto ina yolembetsedwa monga mwa nthawi zonse, imene amayendera tsiku ndi tsiku. Ndiponso galimoto yakaleyo siloledwa kuyenda pamsewu mwezi wa Januwale, pokhapokha atapempha chilolezo chapadera cha masiku owerengeka. Nzeru yake ndi yoonekeratu. Boma silifuna kuti munthu azembe msonkho wa chaka ndi chaka pongonamizira kuti chiphapha chimene amapitira ku ntchito ndi galimoto yosunga.

Tsono vuto limayambira pa ubwino womwewo. Pakuti kalembera satha ntchito, chikwangwani chimodzi chimakhala pa galimoto zaka 20, mwina 30. Dzuwa limachiwomba, mvula imachinyowetsa, timiyala ta pamsewu timachigogoda. Utoto wofiira uli ndi mbiri yosuluka msanga padzuwa kuposa mitundu ina yambiri, ndipo ngakhale uli watsopano, zilembo zofiira pa buluu sizioneka bwino munthu akaima patali, chifukwa mitundu iwiriyi imayandikana pa kuwala kwake. Chigawo cha Wisconsin chomwecho chinasintha zilembo za pa zikwangwani za magalimoto wamba kuchoka ku zofiira kupita ku zakuda m'chaka cha 2000.

Taganizirani tsono bambo amene watha zaka 6 akukonza Rambler ya mu 1965. Penti yauma, zitsulo zonyezimira zabwerera m'malo mwake, injini ikulira mofatsa. Akubwerera m'mbuyo pang'ono kuti aione yonse, ndipo diso lake likugwera pa chikwangwani chakumbuyo: chotuwa, chokalikakalika, zilembo zake zasanduka zofiirira ngati dothi la katondo. Pa shelefu pali penti wofiira wotsala. Bamboyu ndi mmisiri, dzanja lake silinjenjemera, ndipo ntchitoyo sikanamutengera ngakhale ola limodzi. Alibe maganizo obera munthu kapena othawa apolisi. Akungofuna kuti nambala yake iwerengeke bwino kuposa mmene ikuwerengekera lero.

Lamulo la Wisconsin silizungulira pa nkhani imeneyi. M'mutu 341 wa malamulo a chigawochi, pa ndime 61, pali mndandanda wa zinthu zimene munthu sayenera kuchita mwadala pa chikwangwani cha nambala: kuchipotoza, kuchipenta, kuonjezerapo kanthu kapena kudulapo mbali ina, kupakapo chinthu cholepheretsa kuwerenga bwino, kusintha chilembo kapena nambala, ndiponso kuchichititsa kuti chioneke cha mtundu wina. Wochita zimenezi angathe kulipitsidwa chindapusa chofika madola 500. Mvetsani bwino, omvera, kuti mau akuti kupenta aikidwa pamenepo paokha. Lamulolo silinena kuti kupenta koipa ndiko koletsedwa pamene kupenta kwaluso ndi kololedwa.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kumuikira kumbuyo bambo uja, ndipo sindikudabwa. Mfundo yake ndi yomveka. Cholinga cha lamulo ndi chakuti nambala iziwerengeka. Iye waichititsa kuti iwerengeke. Nanga walakwira yani? Ndi zoona kuti wapolisi wanzeru, poona ntchito yaudongo pa galimoto ya pa chionetsero, mwina sangaime n'komwe. Koma kusagwidwa ndi kuloledwa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kuti timvetse chifukwa chake boma limaumirira chotere, tiyenera kubwerera kumene zikwangwani zimenezi zinayambira.

Magalimoto atayamba kuoneka m'misewu ya ku Ulaya kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, anabweretsa vuto lachilendo. Ngolo ya akavalo ikagunda munthu, sinkapita patali, ndipo anthu ankamudziwa mwini wake. Galimoto inkagunda ndi kuzimiririka m'fumbi. Woyendetsa ankavala chipewa ndi magalasi otchinga maso, kotero kuti ngakhale womuona sakanatha kumuloza tsiku lotsatira. Akuluakulu athu anati chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Koma unganene bwanji imene yakuluma ngati zonse zikufanana? Apolisi a mu mzinda wa Paris analamula mu 1893 kuti galimoto iliyonse ikhale ndi chizindikiro chake. Dziko la Netherlands linachita zimenezi kwa dziko lonse mu 1898. Ku Britain lamulo linakhazikitsidwa mu 1903 ndi kuyamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 1904, ndipo nambala yotchuka ya A 1 ya mu London inatengedwa ndi Earl Russell.

Chochititsa chidwi ndi chakuti pachiyambi burashi inalidi m'manja mwa mwini galimoto. Chigawo cha New York chitalamula mu 1901 kuti magalimoto azilembetsedwa, boma silinkapereka chikwangwani. Mwini galimoto ankalemba yekha zilembo zoyamba za dzina lake kumbuyo kwa galimoto. Ena ankazikhoma pa chikopa, ena pa thabwa, ena ankangopenta pa galimoto penipenipo. Zotsatira zake mungaziganize nokha. Anthu ambiri anali ndi zilembo zofanana, ndipo kalembedwe kanali kosiyanasiyana, wina zazikulu, wina zazing'ono, wina zokhotakhota. Mu 1903 chigawo cha Massachusetts chinakhala choyamba m'dziko la America kupanga zikwangwani chokha ndi kuzipereka kwa eni magalimoto. Wisconsin inayamba kupereka zake mu 1905. M'kupita kwa zaka zigawo zonse zinatsatira, ndipo mu 1956 zinagwirizana pa msinkhu umodzi, mainchesi 6 m'lifupi ndi mainchesi 12 m'litali. Mbiri yonseyi tingainene mwachidule kuti boma linalanda burashi m'manja mwa mwini galimoto, chifukwa linali litaona kale zimene zimachitika aliyense akamadzilembera yekha.

Panalinso chifukwa cha msonkho. Kwa zaka zambiri zigawo za ku America zinkapereka zikwangwani zatsopano chaka ndi chaka, ndipo chaka chilichonse chinali ndi mitundu yake. Wapolisi ataima pamphambano ankadziwa ndi diso lokha galimoto imene sinalipire, pakuti inkaoneka ndi mtundu wa chaka chatha. Apa mukuona nokha kuti munthu wachinyengo sankasowa zida zambiri. Kachitini ka penti kanali kokwanira kusandutsa chikwangwani cha chaka chatha kuti chioneke ngati cha chaka chino. Ndipo burashi yomweyo imasandutsa 3 kukhala 8, F kukhala E, P kukhala R. Kamzere kamodzi kokha, mlandu wa munthu wina wagwera wosalakwa wa ku mzinda wina.

Tsono pali zifukwa zitatu zimene lamulo silingasiyire nkhaniyi ku mtima wabwino wa mwini galimoto. Choyamba ndi chakuti penti sanena cholinga cha womupaka. Wapolisi akaona chikwangwani chopentedwa ndi manja usiku m'mbali mwa msewu, alibe njira yodziwira ngati pansi pa utotowo pali nambala yomweyo kapena ina, ngati wopentayo anali mmisiri wokonda galimoto yake kapena mbala yobisa galimoto yakuba. Lamulo likanati opaka ndi mtima wabwino aloledwe, wakuba aliyense akanalumbira kuti mtima wake ndi wabwino.

Chachiwiri ndi chakuti mtundu wa chikwangwani umalankhula. Ife kuno kwathu timazidziwa zimenezi. Tikaona zilembo zofiira timadziwa kuti galimotoyo ndi yonyamula anthu kapena katundu molipiritsa, ndipo tikaona zilembo za MG timadziwa kuti ndi ya boma. Momwemonso ku Wisconsin, buluu ndi zofiira zimauza wapolisi kuti galimoto iyi siyenera kuoneka pamsewu mwezi wa Januwale. Pali eni magalimoto ena amene cholinga chao sichikhala kubwezeretsa mtundu wakale ai, koma kuti chikwangwani chigwirizane ndi penti wa galimoto, pakuti buluu ndi zofiira sizikhala bwino pa galimoto yakuda kapena yobiriwira. Ameneyo ndiye wasinthiratu uthenga umene boma linalemba.

Chachitatu ndi chobisika kwa diso masana. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, zigawo zina zinayamba kukuta zikwangwani ndi nsalu yopyapyala yokhala ndi timikanda tagalasi tating'onoting'ono. Kuwala kwa nyali ya galimoto kukagwera pa timikandato, sikumwazika, koma kumabwerera komwe kwachokera, ndipo ndi chifukwa chake chikwangwani chimawala usiku ngati diso la mphaka. Lero zikwangwani zambiri pa dziko lapansi zimapangidwa motero. Penti wa m'chitini alibe mphamvu imeneyi. Masana ntchitoyo ioneka yokongola, koma usiku chikwangwanicho chimangoti bii. Ndiponso makamera owerenga manambala, amene akatswiri a apolisi a ku Britain anayamba kuwapanga mu 1976 ndipo tsopano ali m'maiko ambiri, amadalira kuwala kobwerera komweko. Chimene munthu akuchiona chooneka bwino, kamera ingathe kuchiona chakuda chokhachokha.

Pamenepa ndi pamene nkhani ya penti imaleka kukhala yaing'ono. Chikwangwani cha nambala sanachipangire mwini galimoto, pakuti iye amaidziwa kale galimoto yake. Anachipangira mayi amene waima m'mbali mwa msewu kukuda, amene waona mwana atagundidwa ndipo galimoto ikuthawa. Mayiyo ali ndi kamphindi kochepa kwambiri. Zimene maso ake agwire m'kamphindi kameneko, mtundu wa chikwangwani ndi zilembo zitatu kapena zinai, ndizo zokha zimene apolisi ayambire nazo. Ngati zimene waonazo si zimene zili m'buku la boma, umboni wake wafera pomwepo. Galimoto yakale, kukongola kwake konse, ikagunda munthu imapweteka chimodzimodzi ndi yatsopano, ndipo mabuleki ake kawirikawiri sagwira msanga ngati a masiku ano.

Komabe ndingakunamizeni nditanena kuti lamulo ndi limodzi konsekonse. Pali mtundu wina wa zikwangwani umene osunga magalimoto akale amaukonda koposa. Ndi chikwangwani chenicheni chimene boma linapereka m'chaka chimene galimotoyo inapangidwa. Munthu wa galimoto ya mu 1957 amafunafuna m'misika ya zinthu zakale mpaka atapeza chikwangwani cha mu 1957, napita nacho ku boma kukapempha kuti chilembetsedwenso. Zigawo zambiri zimalola, zikaona kuti nambalayo sikugwiritsidwa ntchito ndi munthu wina. Koma chitsulo cha zaka zoposa 60 sichikhala chosalala, ndipo apa zigawo zimasiyana maganizo. Chigawo cha Washington, cha kumadzulo, chimalola chikwangwani chakale chokonzedwanso, malinga ngati chili chenicheni chimene chigawocho chinapereka ndipo chikuzindikirika chaka chake. Chimene chimakana ndi chikwangwani chongotsanzira, chopangidwa dzulo. Zigawo zina zimakana chilichonse chimene chakhudzidwa ndi burashi. Ntchito yomweyo, ya mmisiri yemweyo, ndi yololedwa mbali ino ya malire ndipo ndi yokanidwa mbali inayo.

Chigawo cha California chinapeza njira ina. Pakati pa 1963 ndi 1969 chinkapereka zikwangwani zakuda za zilembo zachikasu, zimene anthu akhala akuzilakalaka kuyambira nthawi imeneyo. Mu 2015 boma linayambanso kupanga zikwangwani za maonekedwe amenewo, ndipo wofuna amalipira ndalama zoonjezera. Anthu anapeza chimene ankafuna, koma wopenta anakhalabe boma.

Tiolokere ku Britain, kumene zinthu zimayenda mosiyana pang'ono. Kumeneko boma limapereka nambala, koma chikwangwani chenichenicho munthu amakagula kwa wamalonda. Mungaganize kuti pamenepo ndiye pali ufulu, koma ai. Kuyambira mu 2003, wopanga zikwangwani ayenera kukhala wolembetsedwa ku boma, ndipo wogula ayenera kuonetsa chiphaso chake ndi mapepala osonyeza kuti nambalayo ndi yakedi. Magalimoto opangidwa kuyambira pa 1 Januwale 1973 analamulidwa kukhala ndi zikwangwani zobweza kuwala, choyera kutsogolo, chachikasu kumbuyo, zilembo zakuda. Zikwangwani zakale zija, zakuda za zilembo zoyera, zotuwa kapena zasiliva, zinatsalira magalimoto akale okha. Mu 2015 mwayi umenewu unafutukulidwa kuti ufikire magalimoto a zaka zoposa 40 olembetsedwa m'gulu la magalimoto a mbiri yakale, koma kuyambira pa 1 Januwale 2021 boma linaika malire, kuti galimoto yopangidwa kuyambira pa 1 Januwale 1980 isavale chikwangwani chakuda ngakhale itakalamba chotani. Woonetsa nambala mosemphana ndi malamulo angathe kulipira mpaka mapaundi 1,000, ndipo galimoto yake imalephera mayeso a chaka ndi chaka oona ngati ili yoyenera pamsewu.

Mukayang'ana Wisconsin, Washington, California ndi Britain pamodzi, muona kuti pansi pa kusiyana konseko pali mfundo imodzi. Kwina boma likuti musapente, kwina likuti pentani koma tione, kwina likuti tikupenterani ife, kwina likuti kagulani kwa amene tawaloleza. Palibe kumene likuti chitani zimene mukufuna. Mwini galimoto angasinthe injini, angasinthe mipando, angaipake galimoto yonse mtundu wa kukhosi kwake bola adziwitse oyenera kudziwa. Koma kachitsulo kakang'ono kaja ndi mau a boma olembedwa pa katundu wa munthu. Kali ngati chidindo pa kalata ya malo. Kalatayo ili m'bokosi lanu, m'nyumba mwanu, koma inki ya chidindo ikasuluka simutenga cholembera kuti muibwereze nokha. Mumabwerera kwa amene anadinda.

Nanga ngati chikwangwani sichidzayendanso pamsewu? Pali anthu amene sasunga magalimoto koma zikwangwani zokhazokha, nazikhoma pa khoma monga ena amasungira masitampa. Ku America ali ndi bungwe lao lotchedwa Automobile License Plate Collectors Association, limene linayamba mu 1954. Amafunafuna zosowa, monga zikwangwani zamkuwa za ku Arizona za m'zaka za 1932 mpaka 1934, kapena za ku Illinois za nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, zimene zinapangidwa ndi zotsalira za soya pofuna kusunga chitsulo, ndipo nkhani imamveka kuti ziweto zinkazitafuna. Chikwangwani chimene chinatha ntchito kalekale ndipo chili pa khoma, wapolisi wa pamsewu alibe nacho kanthu. Koma chodabwitsa ndi chakuti osungawo ali ndi lamulo laolao, limene silisiyana kwenikweni ndi la boma. Ambiri a iwo amakonda chikwangwani cha utoto wake woyamba, ngakhale chili ndi zipsera, kuposa chonyezimira chopentedwanso. Ndipo pogulitsana, wogulitsa amayembekezeredwa kunena poyera ngati chinapentedwanso. Wobisa zimenezi amataya mbiri yake pakati pa anzake. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Iwonso, monga wapolisi uja, amafuna kudziwa kuti chimene akuona ndicho chimene chinalipo.

Tibwerere tsono kwa bambo wathu wa Rambler, amene tinamusiya ataima ndi burashi m'manja. Kodi lamulo lamusiya pa mphambano, kuti akapenta walakwa, akasiya chofwifwa walakwanso? Ai. Mutu womwe uja wa 341 umanena kuti chikwangwani chikafika posawerengeka, mwini galimoto apemphe china ku dipatimenti yoona za mtengatenga. Amalemba fomu, amalipira kandalama kochepa poyerekeza ndi chindapusa chija, nadikira. Kwa zaka zambiri zikwangwani za Wisconsin zakhala zikupangidwa ndi akaidi ku ndende ya Waupun. Munthu amene wapirira zaka 6 kukonza galimoto sangalephere kudikira masabata angapo.

Kwa inu amene mukundimvera, kaya muli ndi galimoto yakale imene munasiyiridwa ndi bambo anu, kaya lole, kaya njinga yamoto, malangizo ndi omwewo. Chikwangwani chikada, chitsukeni ndi madzi ndi sopo ndi kansalu kofewa. Musachipale ndi mchenga kapena kuchithira mankhwala ochotsera penti, chifukwa mudzaononga nsalu yobweza kuwala ija. Chikafwifwa, chikasweka kapena chikatayika, pitani kwa akuluakulu oona za pamsewu mukafunse njira yoyenera yopezera china, ndipo musadalire zimene wanena mnzanu wa pa galaja kapena zimene mwamva kuti zimachitika ku dziko lina. Taona kale kuti ngakhale m'dziko limodzi malamulo amasintha munthu akangodumpha malire a chigawo. Safunsa anadya phula.

Ndimalemekeza kwambiri anthu amene amaukitsa magalimoto akale. M'nthawi imene zinthu zambiri zimatayidwa zikangoonongeka pang'ono, iwo amatiphunzitsa kuti chinthu chopangidwa bwino chiyenera kusamalidwa. Dzanja limene lakonza galimoto yonse limavutika kuima litafika pa kachitsulo kotsiriza, ndipo ndikumvetsa. Koma mmisiri wabwino amadziwa pamene ntchito yake yathera. Galimoto ndi yake. Nambala ndi ya aliyense amene tsiku lina adzafunika kuiwerenga mofulumira, kukuda, mtima uli m'mwamba.

Inu amene muli pa ulendo, muyende bwino, ndipo mawa m'mawa musananyamuke, zungulirani kumbuyo kwa galimoto yanu muone ngati nambala ikuwerengeka. Nonse mugone bwino.